Zoyenera kuchita wachinyamata akamva kupweteka pachifuwa ndi chizungulire

Wachinyamata akadandaula mwadzidzidzi kuti pachifuwa pakumupweteka, akumva chizungulire ndipo m'maso mukuchita mdima, mugonekeni chagada pamthunzi, mukweze miyendo yake pampando kapena pachikwama, kenako mumasule kolala ndi lamba. Musamumwetse madzi asanatsitsimuke bwinobwino, chifukwa akhoza kutsamwa.

Akatsitsimuka, mufunseni modekha ngati wadya, ngati wamwa madzi, komanso ngati anaima nthawi yaitali padzuwa. Kawirikawiri gwero lake limakhala njala, ludzu, mantha aakulu, kapena kuchepa kwa magazi komwe kumadza ndi malungo kapena msambo wochuluka.

Komabe pali zizindikiro zimene sizilola kuzengereza. Ngati zamuchitikira akuthamanga kapena akusewera mpira, ngati mtima ukugunda mosalongosoka, ngati akubanika, kapena ngati m'banjamo wina anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono, thamangirani naye kuchipatala akamuyeze magazi ndi kumuunika mtima pa ECG, makina oonetsa mmene mtima ukugundira. Makolo ambiri amapeputsa zilonda zapakhosi, chonsecho zikapanda kuchiritsidwa paubwana zimatha kuwononga mavavu (titseko ta m'kati) a mtima mwakachetechete. Mtsikana amene wadumpha msambo ndipo m'mimba mukumupotokola asadikire mawa, chifukwa mwina mimba yakhala kunja kwa chiberekero.