OpenTelemetry ikapanda kuonetsa za database pa Node.js

Pulogalamu ya pa intaneti imene ndimayang'anira kuno ku Dedza, yolembera matumba a mbatatesi amene alimi amabweretsa, inkachedwa kwambiri anthu akachuluka. Ndinaika OpenTelemetry (chida chotolera ma trace, omwe ndi zolemba zoonetsa nthawi imene gawo lililonse la pulogalamu latenga) ndi Jaeger (yoonetsera ma trace amenewa) kuti ndione pomwe nthawi ikuthera, koma pa port 16686, pomwe pamatsegukira tsamba la Jaeger, panalibe chilichonse. Kuyatsanso seva ndi kutsegula firewall sizinathandize.

Vuto loyamba linali port yolakwika. Exporter (gawo lotumiza ma trace ku Jaeger) ya HTTP imatumiza ku 4318, panjira ya /v1/traces, pomwe 4317 ndi ya gRPC. Nditakonza, ma trace anayamba kufika koma ndi dzina loti unknown_service, ndiye ndinalemba dzina la pulogalamu mu OTEL_SERVICE_NAME.

Za PostgreSQL, database yathu, zinali zisakuonekabe, ndipo apa ndi pomwe panagona nkhani. OpenTelemetry imakulunga express (yoyendetsa seva ya webu) ndi pg (yolumikizira ku PostgreSQL) kuti izitsata zimene zikuchita, ndipo imatero pa nthawi imene zikuitanidwa koyamba. Fayilo ya tracing, yoyatsa OpenTelemetry, ikabwera pambuyo pake, zimakhala zitadutsa kale, ndipo choipa n'chakuti sipatuluka uthenga wodandaula. Ndinachotsa mzere woitana fayilo ya tracing mkati mwa app.js n'kuyatsa pulogalamu motere:

node --require ./tracing.js app.js

Ogwiritsa ntchito pm2, chida choyendetsera mapulogalamu a Node.js pa seva, aike --require ./tracing.js mu node_args. Nditayatsa motere, pompo query yochedwetsa pulogalamu inaonekera: inkafufuza tebulo lonse chifukwa panalibe index pa nambala ya mlimi.

Popeza seva yathu ndi yaing'ono, ndinaika sampler ya parentbased_traceidratio pa 0.1, kuti izisunga pafupifupi trace imodzi pa khumi aliwonse. Zida zonsezi n'zaulere. Dziwani kuti Jaeger ya all-in-one imasunga mu memory, mukaizimitsa zonse zimafufutika.