Momwe mungasankhire koleji yosaboola m'thumba yophunzirira kusamalira nyama zakuthengo

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, funso loyamba m'makomo ambiri mu Lilongwe muno limakhala lakuti koleji yotchipa ndi iti. Pa maphunziro a nyama zakuthengo funso limeneli limasokeretsa. Fizi yolembedwa pa chikalata cha koleji ndi gawo chabe la ndalama zomwe banja lidzatulutse, ndipo pepala lomwe olemba ntchito salidziwa, ngakhale litatchipa bwanji, ndi ndalama zotaya. Tsatirani ndondomeko iyi musanalipire ngakhale ya fomu.

Choyamba: dziwani ntchito yomwe mukuifuna

Ntchito za m'gawoli sizifuna pepala limodzi. Amene akufuna kukhala msilikali woteteza nyama, woyenda m'tchire kutchola misampha ya waya ndi kutsata mapazi a opha nyama mozembera, asathamangire digiri. Ntchitoyi imafuna MSCE ndi thupi lolimba, ndipo maphunziro ake amaperekedwa ndi olemba ntchitowo munthu akasankhidwa. Koleji iliyonse yolonjeza kuti ikupatsani usilikali mukailipira ikukunamizani.

Satifiketi kapena dipuloma ndi ya amene adzayang'anire gulu la asilikali, mpanda wamagetsi, ntchito yozimitsa moto wolusa, kapena kukambirana ndi midzi yozungulira paki njovu zikadya chimanga. Digiri imafunika pa kafukufuku, kuwerenga nyama, kukonza ndondomeko yoyendetsera paki ndi maudindo akuluakulu.

Olemba ntchito ndi owerengeka, muwadziwe. Nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakuthengo (DNPW), yomwe likulu lake lili mu Lilongwe muno, ndiyo mwini mapaki asanu (Nyika, Kasungu, Lake Malawi, Liwonde ndi Lengwe) komanso malo anayi otetezedwa: Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Bungwe la African Parks likuyendetsa Majete kuyambira 2003, ndipo Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015. Peace Parks Foundation inasainirana ndi boma mu 2023 zoyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Palinso Lilongwe Wildlife Trust, bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM) ndi malo ogona alendo a m'mapaki. Sonkhanitsani zotsatsa ntchito zawo zisanu kapena khumi za m'nyuzipepala ndi pa Facebook, muone mapepala omwe akumapempha. Zimenezo zikuuzani zoona kuposa chikalata cha koleji iliyonse.

Chachiwiri: yang'anani satifiketi yanu mosadzinyengerera

Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti ndi giredi 1 mpaka 6. Mapulogalamu a zachilengedwe kawirikawiri amayang'ananso Masamu, Biology ndi phunziro lina la sayansi monga Chemistry kapena Physics. Apa ndi pomwe ambiri amagwera: mapointi abwino, koma Masamu ali pa 7. Zikatero kuli bwino kulembanso mayeso chaka chimodzi, kapena kuyamba ndi satifiketi, kusiyana n'kukakamira koleji yomwe imalandira aliyense bola walipira.

Chachitatu: lembani masukulu omwe alipodi

Kwa munthu wa ku Lilongwe, awiri oyamba ali pafupi.

Malawi College of Forestry and Wildlife ili ku Chongoni m'boma la Dedza. Ndi koleji ya boma, imaphunzitsa zankhalango ndi zanyama pa mlingo wa satifiketi ndi dipuloma, ndipo ili m'nkhalango momwemo, kotero kalasi ndi tchire zayandikana. Chotsatsa chake chikatuluka, werengani bwino ngati chaka chimenecho akutenga kalasi ya zanyama kapena ya zankhalango yokha.

LUANAR, yomwe inayamba kugwira ntchito ngati yunivesite payokha mu 2012, ili ndi digiri ya zaka zinayi ya kasamalidwe ka zachilengedwe yokhala ndi nthambi ya nyama zakuthengo ndi zokopa alendo ku Bunda, makilomita pafupifupi 30 pamsewu wa ku Mitundu. Kumeneko kulinso maphunziro a udokotala wa ziweto, njira ina yolowera ku ntchito yosamalira nyama zovulala kapena zosamutsidwa, ngakhale ndi yaitali ndiponso yofuna mapointi otsika kwambiri. Kampasi ya LUANAR ya Natural Resources College (NRC), kufupi ndi msewu wa ku Mchinji, ili ndi madipuloma a zaulimi ndi zachilengedwe.

Mzuzu University ili ndi madigiri a zankhalango, zansomba ndi zokopa alendo. Si maphunziro a nyama enieni, koma amalowetsa munthu m'gawo lomwelo.

Kunja kuli masukulu otchuka: College of African Wildlife Management ku Mweka, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, yomwe inatsegulidwa mu 1963, Southern African Wildlife College pafupi ndi Kruger ku South Africa, ndi Copperbelt University ku Kitwe m'dziko la Zambia. Vuto lake ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo fizi ya madola imakwera tsiku lomwelo pomwe malipiro a kholo ali pomwepo. Onjezani vuto lopeza madolawo kubanki. Njira imeneyi imayenda bwino kwa amene ali kale pantchito ndipo bungwe lawo likuwalipirira. Banja lodzilipirira lokha liyambe ndi za kuno.

Chachinayi: tsimikizani ku NCHE

Bungwe loyang'anira masukulu a ukachenjede la National Council for Higher Education (NCHE) limatulutsa mndandanda wa masukulu, ndipo pali zinthu ziwiri zosiyana zoti muyang'ane. Kulembetsedwa kumangotanthauza kuti koleji yaloledwa kutsegula zitseko. Kuvomerezedwa ndi chinthu china, ndipo kumaperekedwanso pa pulogalamu iliyonse payokha. Koleji ikhoza kukhala ndi digiri ya zamalonda yovomerezeka pomwe ya zachilengedwe sinayesedwe n'komwe. Fufuzani dzina lenileni la pulogalamuyo pa mndandanda waposachedwa. Mawu akuti "zili mkati, zituluka posachedwa" musawalandire. Mwana akhoza kumaliza zisanatuluke, boma n'kukana pepala lake polemba ntchito.

Chachisanu: werengerani mtengo wonse, osati fizi yokha

Tengani pepala, mulembe mizere iyi pa koleji iliyonse: fizi ya semesita, ndalama zolembetsera, za mayeso, za chipatala ndi za bungwe la ophunzira, malo ogona, chakudya, thiransipoti yopita ndi kubwera, bandulo ya intaneti ndi kusindikiza, zipangizo za kutchire, ndalama za atachimenti, ndalama za kafukufuku wa chaka chomaliza. Kenako chulukitsani ndi masemesita onse. Digiri ya zaka zinayi ndi masemesita 8, dipuloma ya zaka ziwiri ndi 4.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma akuonetsa momwe masamu ake amatembenukira. Koleji yoyamba fizi ndi K400,000 pa semesita, koma ili kutali: lendi K60,000 ndi chakudya K90,000 pamwezi, kwa miyezi inayi ndi K600,000. Zonse pamodzi K1,000,000, basi yopitira tisanaiwerengere. Koleji yachiwiri fizi ndi K650,000, koma mwana akugona ndi kudya pakhomo, akungokwera minibasi ya K3,000 patsiku kwa masiku 80, yomwe ndi K240,000. Zonse pamodzi K890,000. Ya fizi yokwera ija ndiyo yatchipa. Ikani mitengo yeniyeni ya lero, ndipo pa chaka chilichonse chotsatira muwonjezerepo kenakake, chifukwa lendi ndi ufa sizidikira kuti mwana amalize sukulu.

Malo ogona muwafunse mwachindunji. Kusankhidwa ku yunivesite ya boma sikutanthauza kuti bedi la ku hositelo lapezeka. Ambiri amachita lendi m'makomo ozungulira, ndipo eni nyumba amafuna ndalama za miyezi ingapo pakamodzi.

Mizere iwiri yomwe makolo amaiwala ndi zipangizo ndi atachimenti. Wophunzira zanyama amafunika jombo zolimba, renikoti, chipewa, tochi, botolo la madzi, chikwama cha kumsana, neti ya udzudzu ndi zovala zamanja aatali zamtundu wa khaki. Zakuda ndi zabuluu zimakopa kashembe, ndipo ku Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza ntchentche imeneyi ilipo, matenda a kaodzera nawonso amapezeka. Jombo zigulidwe msanga n'kuyamba kuvalidwa kunyumba. Zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba la ulendo wa makilomita khumi. Pa atachimenti, wophunzira amatha miyezi ingapo ku paki, nthawi zambiri osalandira kanthu, akudzigulira ufa, ndiwo ndi makala. Ndalama imeneyi iyambe kusungidwa chaka choyamba.

Pali njira ina yochepetsa katundu: kuyamba ndi dipuloma, kugwira ntchito zaka zingapo, kenako n'kukalowa digiri ngati wophunzira wachikulire. Ubwino wake ndi wakuti munthu amayamba kulandira msanga ndipo amadziwika kwa olemba ntchito. Koma fizi ya olowera njira imeneyi imakhala yokwera kuposa ya osankhidwa kuchokera ku sekondale, ndiye funsani yunivesiteyo pasadakhale ngati imailandira dipulomayo ndiponso kuti mwini wake amayambira chaka chiti.

Chachisanu ndi chimodzi: pitani mukaone ndi maso

Ku Bunda kapena ku Dedza ndi ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo, ndipo ndalama ya minibasi imeneyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi fizi ya zaka zinayi. Safunsa anadya phula. Mukafika musathere mu ofesi yolembetsa. Pezani ophunzira a chaka chomaliza, poti iwo alibe chifukwa chokometsera.

Afunseni kuti chaka chathachi anapita kutchire kangati, kuti, ndipo galimoto ndi chakudya analipira ndani. Afunseni ngati anagwirapo GPS, kachipangizo kosonyeza malo omwe munthu ali, ndi manja awo, kapena anangoiona pa chithunzi. Wophunzira wophunzitsidwa bwino amatha kufotokoza momwe amawerengera nyama poyenda mzere wowongoka: kulemba mtundu wa nyama, kuchuluka kwake, mtunda kuchokera pomwe waima ndi mbali yomwe yaonekera. Amadziwa kumangirira kamera pamtengo m'njira ya nyama, kuitembenuza kuti isayang'ane kotulukira kapena kolowera dzuwa, ndi kusenga udzu wa patsogolo pake kuti mphepo isamajambulitse zithunzi zopanda kanthu mpaka batire kutha. Amasiyanitsa ndowe za njovu za lero ndi za sabata yatha. Amadziwa chifukwa chake mapaki amatentha tchire kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse, kuti moto wa mu Okutobala usadzapsereze mitengo. Ngati a chaka chomaliza akungoyang'anana pa mafunso otere, koleji imeneyo ikuphunzitsa nyama za pa bolodi.

Onaninso chipinda cha makompyuta. Ntchito zambiri masiku ano zimafuna GIS, luso lojambula mapu pa kompyuta, ndipo pulogalamu ya QGIS ndi yaulere, kotero koleji ilibe chowiringula. Funsani ngati maphunzirowo akukhudza lamulo la mapaki ndi nyama zakuthengo lomwe linakonzedwanso mu 2017, lija linakweza chilango mpaka zaka 30 m'ndende, komanso nkhani ya mikangano ya anthu ndi nyama. Chisamutsireni njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, madandaulo a midzi ya m'malire a pakiyo akhala akumveka kwambiri, ndipo womaliza maphunziro amene sadziwa kukhala pansi ndi mfumu ndi anthu ake adzavutika ngakhale atakhoza bwanji mayeso.

Chachisanu ndi chiwiri: ngongole, thandizo ndi kalipiridwe

Bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'masukulu ovomerezeka. Musanawerengere ngongoleyi m'bajeti, tsimikizani kuti pulogalamu yanu ndi mlingo wake zili m'gulu lolandira, ndipo lembani fomu nthawi yake isanatseke. Si onse opempha amene amapatsidwa, ndiponso ndalamazo zikhoza kufika semesita itayamba kale, choncho banja likhale ndi ya mwezi woyamba m'manja. Ndi ngongole, idzabwezedwa.

Amene kwawo ndi m'midzi yoyandikana ndi Majete, Liwonde kapena Nkhotakota afunse ku ofesi ya paki yoona za midzi, chifukwa African Parks imathandiza ana ena a m'madera amenewo ndi fizi. Wokhala mumzinda muno apemphe kudzipereka ku Lilongwe Wildlife Centre kapena alowe nthambi ya WESM podikira kusankhidwa. Kalata yochokera kumalo otere imalemera popempha thandizo ndi atachimenti.

Polipira, chenjerani ndi madobadoba. Kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, ndipo palibe munthu wogulitsa malo. Ndalama ya fomu ndi fizi zipite ku akaunti ya banki ya dzina la kolejiyo monga yalembedwera pa chotsatsa kapena pa kalata yokuitanani, osati ku nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Pa silipi ya kubanki lembani dzina la wophunzira ndi nambala yake yolembetsera, muijambule pa foni, ndipo yeniyeniyo mukasinthitse ndi lisiti ku ofesi ya zachuma sabata yoyamba, mzere usanatalike.