Momwe mungawerengere Baibulo kuti lifike mpaka pa zochita zanu

Ambirife Baibulo tili nalo, lina pa shelefu lina mu foni, koma timalitsegula Lamulungu lokha abusa akatchula chaputala ndi vesi, tikaweruka tchalitchi basi latsekedwa mpaka sabata yamawa. Inenso ndinakhala choncho zaka zambiri ndipo ndinkadabwa kuti bwanji mkwiyo wanga ndi womwe uja, bodza lomwe lija, chonsecho kumapemphero sindijomba. Zomwe ndikulemba panozi ndi zimene zinandithandiza ine.

Choyamba pezani Baibulo lomwe mukulimva. Buku Lopatulika lija tinakula nalo linatuluka mu 1922, ntchito yomasulirayo anatsogolera m'busa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndiye Chichewa chake ndi cha nthawi imeneyo, chokoma ndithu koma mawu ena achinyamata a lero amangowadumpha osamva kanthu. Kuli Buku Loyera lomwe linatuluka mu 1998 ndipo Chichewa chake ndi chofewa. Ngati muli ndi foni ya intaneti, pa pulogalamu ya Baibulo yotchedwa YouVersion pali Baibulo la Chichewa, mukalipanga dawunilodi kamodzi mumawerenga ngakhale bandulo itatha. Kukhala ndi awiri ndi bwino kwambiri, vesi ikakuvutani uku mumakaiona uko.

Kenako sankhani nthawi imodzi ndipo muisunge. Mphindi 15 zakwana. Ine ndimawerenga mmamawa ana asanadzuke komanso ndisanatsegule WhatsApp, chifukwa ndikangoyamba ndi mauthenga a m'magulu mutu umadzaza kale. Wina nthawi yake ndi ya nkhomaliro kuntchito, wina ndi madzulo akachoka kumunda, zonse ndi zabwino bola ikhale nthawi yodziwika.

Poyambira ndi pomwe ambiri amagwera. Munthu amayamba Genesis mu Januwale ndi moto, Eksodo wadutsa, kufika pa Levitiko nkhani za nsembe ndi malamulo a khate zamulemera, wasiya. Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189, silithawa. Yambani ndi Marko, ali ndi machaputala 16 okha ndipo nkhani yake imathamanga, mumuona Yesu akuchiritsa, akuphunzitsa, akupita ku mtanda. Mukamaliza pitani kwa Yakobo, machaputala 5, amene amakamba za lilime, kukondera olemera, kusamala amasiye, zinthu za pakhomo pathu zenizeni. Miyambo ili ndi machaputala 31 ndiye mutha kumatenga imodzi molingana ndi deti la tsikulo.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Musamatole vesi imodzi yokha ngati mukutola mango pansi, werengani ndime yonse, za pamwamba ndi za pansi pake. Afilipi 4:13 timaikonda tonse, ija yoti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu, imalembedwa pa minibasi ndi pa ma status, ndipo ambiri timaimva ngati ikulonjeza kuti bizinesi iyenda, mayeso tikhoza. Koma werengani vesi 11 ndi 12. Paulo akulemba ali m'ndende, ndipo akunena kuti waphunzira kukhutira ndi zomwe ali nazo, kaya wakhuta kaya wagona ndi njala. Ndiye vesiyi ndi ya munthu amene ufa wamuthera mu Febuluwale koma sakupita kukaba, komanso ya amene wapata koma sanaiwale Mulungu. Chimodzimodzi Yeremiya 29:11 yonena za malingaliro abwino a Mulungu pa ife, vesi 10 ikuti Ayuda omwe ankauzidwa mawuwa akhala ku ukapolo ku Babulo zaka 70 kaye. Mukaziwerenga pamodzi chikhulupiriro chanu sichigwedezeka yankho likachedwa, chifukwa mwaona kuti kudikira kunalimo kale m'lonjezolo.

Mukawerenga ndimeyo dzifunseni kuti ikundiuza chiyani za Mulungu, nanga ikuloza chiyani mwa ine, osati mwa aneba kapena apongozi ayi, mwa ine. Kenako funso lomwe limapweteka, lero ndichite chiyani? Gulani kope la wamba la ana asukulu, lembani deti, ndime, ndi chinthu chimodzi chokha choti muchite dzuwa lisanalowe. Chikhale chogwirika. Kulemba kuti ndikhala munthu wachikondi sikuthandiza, lembani kuti lero ndikabweza ngongole ya mayi wa tomato uja, kapena lero sindiyankhira miseche ya ku ofesi. Yakobo 1:22-24 akufanizira womva mawu osachita ndi munthu wodziyang'ana pa galasi nkuchoka nkuiwala nkhope yake, ndiye kopeli ntchito yake ndi yoti musaiwale.

Ine tsiku lina ndinafika pa Mateyu 5:23-24, pomwe Yesu akuti ukakumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako paguwa, pita ukayanjane naye kaye. Panthawiyo ndinali nditatha chaka osalankhulana ndi alamu anga chifukwa cha ndalama za pamaliro, koma chopereka ndinkaponya sabata iliyonse. Ndinalemba mu kope kuti ndiwaimbira, foni ndinaigwira mpaka madzulo manja akulemera, koma ndinaimba. Sanandilandire bwino tsiku lomwelo, zinatenga miyezi, koma lero timadyera limodzi.

Pempherani ndi mawu omwe mwawerengawo, mwachidule, kupempha mphamvu yochitira chomwe mwalemba chija. Masiku omwe mawu akukusowani tsegulani Masalimo, 51 mukalakwa, 23 kapena 121 mantha akakugwirani.

Musawerenge nokhanokha mpaka kalekale. Kaya ndi kumphakati, kumlaga, ku Mvano kapena ku Chigwirizano, pezani anthu awiri atatu oti muzifunsana kuti zomwe unalemba zija unachita? Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndime zina zovuta mumafunika mkulu wa mpingo kapena abusa akuthandizeni. Komanso kuwerenga kwanuku kukutetezani, masiku ano alaliki achuluka pa wailesi ndi pa Facebook, ena abwino ena ongofuna mbewu ya ndalama. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malembo tsiku ndi tsiku ngati zomwe Paulo ankalalikira zinali zoona, Paulo weniweniyo. Ndiye mukamva ulaliki lembani mavesi atchulidwawo, kunyumba mukawerenge chaputala chonse.

Mukadumphitsa masiku, kaya ndi matenda kaya maliro kaya ulesi chabe, musayambirenso ku chaputala 1 ndipo musadziunjikire machaputala khumi kuti mubweze. Tsegulani pomwe munasiyira, lembani deti la lero mu kope muja, pitirizani.