Momwe mungasankhire sutikesi yotsika mtengo yokwera nayo ndege

Munthu wa kuno ku Chipata akamapita kunja pa ndege, sutikesi yake imayamba kuvutika isanafike n'komwe pa bwalo la ndege. Imanyamulidwa pa njinga kapena pa takisi m'bandakucha, imalongedwa kunsi kwa basi pakati pa matumba a nsawa ndi makatoni, kenako imagwedezeka makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East Road, kudutsa ku Katete, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa, mpaka kukafika ku Lusaka kumene kuli bwalo la Kenneth Kaunda. Ngakhale iwo amene amadutsa malire a Mwami kukakwerera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, kumene kuli kufupi kwambiri, sutikesi yawo imatsitsidwa ndi kukwezedwa kangapo panjira. Choncho pogula, mtengo umene wogulitsa akutchula muuwerengere pamodzi ndi ndalama zimene sutikesiyo ingadzakudyereni pambuyo pake, kaya polipirira katundu wopitirira muyeso, kaya pogula ina yatsopano muli kudziko la eni.

Choyamba, musanapite kumsika, werengani tikiti yanu kapena funsani amene akukugulitsani tikitiyo za katundu amene mwaloledwa kunyamula. Pa maulendo ambiri opita kunja, wokwera m'chigawo cha anthu wamba amaloledwa sutikesi yosapitirira makilogalamu 23, ndipo makampani ena amalola ziwiri zotero pamene ena amangotchula kulemera kwa katundu yense pamodzi. Palinso muyeso wa kukula: mukaphatikiza kutalika, m'lifupi ndi kunenepa kwa sutikesi, kuwerengera ndi matayala ndi zogwirira zomwe, nthawi zambiri sizifunika kupitirira masentimita 158. Kachikwama kolowa nako m'ndege makampani ambiri amakaloleza pa makilogalamu 7, ndipo kutalika kwake kumakhala cha m'ma masentimita 55. Ngati muyambira ulendo ku Mfuwe pa ndege zing'onozing'ono zopita ku Lusaka, funsani mwapadera, chifukwa malo oikamo katundu m'ndege zimenezo ndi ochepa. Manambala amenewa muwalembe pa pepala ndipo mupite nawo kumsika.

Chachiwiri, tengani tepi yoyezera ya telala ndipo mupeze njira yoyezera kulemera kwa sutikesi ikadali yopanda kanthu. Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa maso amathamangira chisutikesi chachikulu poganiza kuti ndalama zawo zagula malo ambiri. Chisutikesi chotere chikhoza kulemera makilogalamu 5 kapena 6 pachokha, kutanthauza kuti pa makilogalamu 23 aja mwatsala ndi 17 kapena 18 basi, ndipo poti malo alimo, mudzapitiriza kuikamo zitenje, ufa ndi mphatso za abale mpaka sikelo ya pa bwalo la ndege idzakukaneni. Ine ndimalangiza sutikesi ya pakatikati, yotalika masentimita 65 mpaka 70, yolemera makilogalamu osapitirira 4, chifukwa mukaidzaza ndi zovala imafika pafupi ndi muyeso wovomerezeka popanda kuupitirira kwambiri. Ngati sitoloyo ilibe sikelo, kasikelo kopachika kamene ogula mbewu amagwiritsa ntchito kamakwanira, ndipo wogulitsa amene akukhulupirira katundu wake sangakane kuti muyeze.

Chachitatu, sankhani pakati pa sutikesi ya chigoba cholimba ndi ya nsalu. Za chigoba zotsika mtengo zambiri zimapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa ABS, imene imaoneka bwino m'sitolo koma imang'aluka ikaponyedwa pansi mwamphamvu, makamaka m'makona. Za polypropylene ndi za polycarbonate zimapindika pang'ono n'kubwerera m'malo mwake, ndipo zimakhalitsa, ngakhale mtengo wake umakwererapo. Kuti mudziwe, werengani kapepala kolendewera pa chogwirira, kenako dinikizani pakati pa chigobacho ndi chikhatho: chikalowa n'kubwerera bwinobwino ndi chizindikiro chabwino, koma chikalira ngati chikufuna kusweka, chisiyeni. Ngati ndalama zanu n'zochepa kwenikweni, maganizo anga ndi akuti sutikesi ya nsalu yokhuthala ya polyester kapena nylon imaposa ya chigoba chotchipa, pakuti nsalu ikang'ambika wosoka nsapato kapena telala wa ku msika wa Kapata akhoza kuisoka, pamene chigoba chikang'aluka palibenso chochita. Vuto la nsalu ndi mvula ndi fumbi, choncho zovala muzizikulunga kaye m'thumba la pulasitiki mukamayenda nyengo ya dzinja.

Chachinayi, ndipo apa musachite changu, yang'anitsitsani matayala, chokokera ndi zipi, chifukwa sutikesi imafera pa zinthu zitatu zimenezi thupi lake likadali labwino. Ndinaphunzira zimenezi tsiku lina nditatsika basi ku Lusaka madzulo, pamene sutikesi yanga yatsopano inatuluka kunsi kwa basi ili ndi matayala atatu okha, lachinayi litazuka pamodzi ndi chidutswa cha chigoba, ndipo ndinaisenza pa phewa usiku umenewo ndi m'mawa mwake mpaka pa kauntala ya ndege. Sutikesi za matayala anayi ozungulira mbali zonse zimayenda mosavuta pa simenti yosalala ya pa bwalo la ndege, koma matayalawo amatulukira kunja ndipo sachedwa kukodwa kapena kuthyoka. Za matayala awiri olowa m'kati mwa thupi la sutikesi zimapirira miyala ndi dothi la m'misewu yathu ya m'makomboni, ndipo n'zimene ndingasankhire wachibale wanga. Tsegulani kansalu ka m'kati muone ngati matayalawo anamangidwa ndi masikuluwu, chifukwa otero amatheka kusinthidwa akatha.

Chokokera chija muchitulutse mpaka kumapeto n'kuchigwedeza uku ndi uku. Kusewera pang'ono n'kwachibadwa, koma chikamagwedera ngati dzino lofuna kuchoka, kapena chikamakana kubwerera m'malo mwake, ndiye kuti sichidzatha ulendo umodzi. Cha ndodo ziwiri chimalimba kuposa cha ndodo imodzi. Zipi muitsegule ndi kuitseka katatu kapena kanayi kuzungulira sutikesi yonse, mukumvetsera m'makona momwe imakonda kukodwa. Ikhale ya mano akuluakulu, ya timitu tiwiri tokumana tokhala ndi tizibowo tolowetsapo loko, ndipo mukapeza yolembedwa YKK mwapeza zipi ya kampani yodziwika ndi kulimba. Pomaliza nyamulani sutikesiyo ndi chogwirira cha pamwamba ndiponso cha m'mbali, muone ngati ulusi kapena zomangira zake sizikutanuka.

Chachisanu ndi malo ogulira. Yambani mwazungulira m'masitolo a ku Down Shops, ku msika wa Kapata ndi m'masitolo akuluakulu a m'tauni, mukufunsa mitengo osagula, kuti mudziwe pamene mtengo weniweni uli musanayambe kunenerera. Musanyoze za salaula, chifukwa sutikesi yogwiritsidwapo kale ntchito ya kampani yodalirika nthawi zina imalimba kuposa yatsopano yonyezimira ya mtengo womwewo, malinga muiyese monga tafotokozera ndipo muifufuze matumba onse ndi kunsi kwa kansalu ka m'kati, kuti musanyamule chinthu chimene simukuchidziwa. Masutikesi atatu olowetsana amene amagulitsidwa pamodzi amakopa, koma ngati mukufuna imodzi yokha, ndalama za zitatu zofooka ndi bwino kuziika pa imodzi yolimba. Matumba a ukwa, aja akuluakulu a pulasitiki okhala ndi zipi, ngakhale amatithandiza pa basi, musawadalire pa ndege: mwachitsanzo, kuyambira mu 2019 bwalo la OR Tambo ku Johannesburg limafuna kuti katundu akhale ndi mbali imodzi yosalala ndipo asakhale ndi zingwe zolendewera. Mukagula, pemphani lisiti ndipo muisunge.

Mukafika nayo kunyumba, ilongedzeni masiku awiri ulendo usanafike, muiyeze ndi kuikoka pabwalo kuti cholakwika chionekere mukadali ndi mpata wokabweza. Lembani dzina lanu ndi nambala ya foni pa kapepala ka kunja ndi kena m'kati, ndipo mumangirire kansalu ka chitenje pa chogwirira, chifukwa masutikesi akuda amafanana kwambiri akamazungulira pa lamba wotulutsira katundu pa bwalo la ndege. Ndalama, mapepala ofunika, mankhwala ndi power bank zikhale m'kachikwama ka m'manja. Power bank saloledwa n'komwe m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Sutikesi ikatuluka pa lamba itathyoka, musatuluke m'bwalomo musanakanene ku ofesi ya katundu ndi kulembetsa lipoti, pakuti pa maulendo a pakati pa mayiko pangano la Montreal la 1999, lokhudza maulendo a ndege, limapatsa wokwera masiku 7 okha operekera dandaulo lolembedwa la katundu wowonongeka, ndipo pamenepo lisiti ija ndi kachiphaso ka katundu kamene anakumatirani pa tikiti zidzafunika.