Momwe mungagulitsire ntchito ya ulangizi wosintha kayendetsedwe ka kampani mu Harare

Abale athu ambiri kuno, makamaka amene anagwirapo mu ofesi yoona za antchito kapena ya zachuma, ntchito ikatha amayamba ulangizi wa makampani, uja amati consultancy. Nzeru ali nazo. Chimawagwetsa ndi kagulitsidwe ndi katchulidwe ka mtengo.

Yambani ndi mapepala. Katengeni tax clearance, kalata yosonyeza kuti za misonkho zanu zili bwino, yotchedwa ITF 263, ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho. Popanda iyo, lamulo limauza kampani yokulembaniyo kudula 30 peresenti ya malipiro anu. Kale inali 10, anaikweza mu 2022. Ngati mukufuna ntchito za boma kapena za khonsolo, lembetsaninso ku PRAZ, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma.

Mukatero, musapite kukagulitsa "kusintha kampani yonse" tsiku loyamba. Bwana wa fakitale ya ku Msasa kapena ku Graniteside salakalaka kusintha. Chimamusowetsa tulo ndi katundu wochedwa kutuluka, ndalama zosadziwika kolowera, kapena mamanijala awiri osaonana ndi diso labwino. Mufunseni, mumvetsere, kenako mumugulitse ntchito yaing'ono yofufuza gwero la vutolo, ya milungu iwiri kapena itatu. Alipire ndithu. Kafukufuku waulere ndi msampha: amalandira lipoti, kukuthokozani, n'kupatsa mphwawo kuti amalize.

Pa mtengo ndiye pofunika kudekha. Mutha kulipiritsa pa tsiku, kutchula mtengo umodzi wa ntchito yonse, kapena kugwirizana zolandira mwezi ndi mwezi, zomwe amati retainer. Mabungwe othandiza anthu amakonda za pa tsiku chifukwa amalemberatu masiku mu terms of reference, chikalata chofotokoza ntchito yomwe akufuna. Eni mabizinesi amafuna nambala imodzi. Ngakhale zili choncho, inu werengani masiku kaye muli nokha: okambirana ndi antchito, olemba, a misonkhano yomwe idzalephereke chifukwa bwana wapita ku Bulawayo. Kumbukiraninso kuti simudzagulitsa masiku onse a mwezi. Masiku olembera ma proposal, zikalata zofunsira ntchito, ndi olondola ngongole palibe amakulipirani, choncho mtengo wa tsiku uyenera kuwanyamula.

Mu kontirakiti lembani mtundu wa ndalama. ZiG, ndalama ya Zimbabwe, inabwera mu April 2024, ndipo mu September chaka chomwecho banki yaikulu inaichepetsa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi. Amene anasaina mu ZiG n'kumadikira malipiro analira. Tchulani mtengo mu madola a ku America, ndipo ngati adzalipire mu ZiG, mulembe kuti ndi pa mtengo wa tsiku lolipiralo. Malipiro muwagawe: ena posaina, ena popereka inception report, lipoti loyamba lofotokoza momwe mugwirire ntchitoyo, otsala pomaliza, koma otsalawo asakhale ambiri. Lembaninso zomwe simudzachita, chifukwa mawu oti "poti mwabwera kale, tioneleninso apa" sachedwa.

Ntchito ikayamba, pemphani munthu mmodzi wa udindo waukulu amene akhale mwini wake wa kusinthako, woti akalankhula ena amamva. Kenako kumanani msanga ndi workers' committee, komiti yoimira antchito pa kampanipo. Antchito akaona mlendo wa laputopu akuzungulira, amadziwa chimodzi chokha: anthu achotsedwa. Ngati n'zoona kuti ena adzapita, musawanamize, ndipo muuze bwana kuti Labour Act, lamulo la za ntchito, ili ndi ndondomeko yake ya retrenchment, kuchepetsa antchito, yodzera ku works council kapena ku employment council, makomiti a oimira mabwana ndi antchito. Apeze loya, inu musadziyese loya.

Sinthani dipatimenti imodzi kaye, muone zotsatira, n'kupita kwina. Pa gawo lililonse mukhale ndi wantchito wa pomwepo amene mukumuphunzitsa, woti adzayendetse zinthu inu mutachoka. Pa msonkhano womaliza, bwana asaine kalata yoti ntchito yalandiridwa, ndipo invoisi muipereke tsiku lomwelo. Mupempheninso kalata ya umboni, chifukwa ofuna kukulembani mawa adzaifunsa.