Momwe mungathirire mowa wa mu kegi m'mabotolo popanda kutha gasi

Mowa wofulula pakhomo ukakhala mu kegi (mgolo wachitsulo wosungiramo mowa pa presha) umatuluka bwino pampopi, thovu lake lili mbee. Koma mukangouthira m'botolo mwachisawawa, pofika mawa lake umakhala utasukuluka, gasi yense atathawa. Gasi wa CO2, uja wopanga timathovu m'zakumwa, amakhazikika m'mowa chifukwa cha zinthu ziwiri: kuzizira ndi presha. Mowa ukafunda, kapena presha ikatsika mwadzidzidzi, gasiyo amatuluka ngati thovu. Thovu lililonse losefukira pakamwa pa botolo ndi gasi amene mwataya.

Tikunena za mowa wa balere wa mtundu wa lager kapena ale, umene unamaliza kuwira. Tsimikizani ndi hydrometer, chipangizo choyezera shuga wotsala m'mowa: nambala ikhale imodzimodzi kwa masiku atatu otsatizana. Masese ndi mowa wina uliwonse umene ukuwirabe musayerekeze kuutsekera m'botolo lagalasi, chifukwa limaphulika ndipo magalasi ake amavulaza.

Zofunika kukhala nazo

Simukusowekera makina odula. Pezani paipi ya mowa ya 3/16 inchi (pafupifupi mamilimita 5 mkati mwake) yotalika mamita atatu, ndi kampopi kapulasitiki kamene ofulula amati picnic tap. Pezaninso kapaipi kolimba ka 3/8 inchi, konga kamene mumakokera mowa pochotsa m'chidebe chowiritsira. Kaduleni kuti katalike masentimita 35, ndipo nsonga yolowa m'botolo muidule mopendekera kuti isatsekeke ikagunda pansi. Mbali inayo imalowa mothina pakamwa pa kampopi kaja. Pakapaipiko vekani chitsekerero cha labala choboola pakati, cha saizi nambala 2, chimene chimakhala bwino pakamwa pa botolo la mowa. Zotsalazo ndi zitsekerero zachitsulo za mamilimita 26, chomangira chake, mankhwala ophera tizilombo monga Star San, ndi beseni loikamo botolo pothira.

Mabotolo akhale abulauni, aja otsekula ndi opena. Otsekula mochita kupotokola ali ndi milomo yopyapyala, sagwira bwino chitsekerero. Kegi ya mtundu wa Cornelius ya malita 19 imadzaza mabotolo a 330 ml opitirira 50.

1. Yambani kutatsala masiku awiri

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza zothira mowa tsiku lomwelo limene akufuna mabotolowo. Pa 4°C, presha ya 12 psi (psi ndi muyeso wa presha) imapereka gasi wokwana pafupifupi mavoliyumu 2.5, kutanthauza kuti lita imodzi ya mowa yamwa malita awiri ndi theka a gasi. Umenewu ndi mulingo wabwino pa mowa wambiri. Popeza pothira gasi wina amatayikabe ngakhale musamale bwanji, kwezani regulator (chipangizo cha pa silinda ya CO2 chowongolera presha yolowa mu kegi) ndi 2 psi ndipo muisiye choncho masiku awiri. Furiji muitsitse ifike pakati pa 1°C ndi 2°C.

Magetsi akazima usiku n'kupeza kegi yafunda, musathire tsiku limenelo. Malita 19 sazizira mu ola limodzi, ndipo gasi amene wathawira pamwamba pa mowa amafuna nthawi kuti abwerere. Dikirani tsiku lathunthu. Kegi musaigwedeze kapena kuinyamula mutatsala pang'ono kuyamba.

2. Konzani mabotolo

Tsukani ndi burashi mpaka mkati muwale mukayang'anira padzuwa. Kachitsotso kakang'ono kouma pansi pa botolo n'kokwanira kuyambitsa thovu. Kenako viikani mabotolo, zitsekerero, kapaipi ndi labala uja mu Star San, mamililita 1.5 pa lita imodzi ya madzi, kwa mphindi ziwiri. Musatsukuluze. Ikani mabotolowo mu furiji akadali onyowa mkati, chifukwa galasi lonyowa ndi lozizira silivundula mowa. Mufiriza ayi: timadzi toundana m'mbali mwa botolo timadzutsa thovu.

3. Tsitsani presha

Tsekani gasi, kokani kamphete ka pachivundikiro cha kegi mpaka mpweya utasiya kutuluka, tsitsani regulator ifike pa 3 mpaka 5 psi, n'kutsekulanso gasi. Presha imeneyi ndi yongokankhira mowa. Musaope kuti mowa utha gasi, pa ola limodzi kapena awiri mowa wozizira sutaya wochuluka. Thirani theka la tambula pambali kuti paipi izizire ndi kudzaza mowa wokhawokha.

4. Kuthira kwenikweni

Imikani botolo m'beseni. Lowetsani kapaipi mpaka pansi, ndipo labala atseke pakamwa pa botolo mothina. Tsekulani kampopi konse, kamodzin'kamodzi. Kutsekula pang'ono kumaoneka ngati kusamala, koma mowa ukamadzipanikiza pampata wochepa umasanduka thovu lokhalokha.

Muona mowa ukukwera msanga poyamba, kenako n'kuyamba kuzengereza, n'kuima. Apo ndiye kuti presha ya m'botolo yafanana ndi ya mu kegi, ndipo kathovu kamene kanayamba kamaphwa. Tsopano kankhani labala uja m'mbali ndi chala chachikulu, pang'ono chabe, mumve kampweya kakuti tsii. Mowa uyambanso kukwera mwakachetechete, uli mbee ngati wa m'tambula. Chala chanucho ndicho chiwongolero: thovu likayamba, tsekaninso, dikirani masekondi angapo, n'kupitiriza. Botolo la 330 ml lizitenga pafupifupi theka la mphindi kapena kupitirirapo. Likadzaza m'masekondi khumi, mukufulumira.

Mowa ukafika m'khosi pafupi ndi pakamwa, tsekani kampopi. Musazule labala nthawi yomweyo. Tulutsani mpweya wotsalawo pang'onopang'ono, kenako solorani kapaipi. Malo amene kapaipiko kanatenga amasiya mpata wa masentimita awiri kapena atatu, womwe ndi wokwanira.

5. Tsekani pamwamba pa thovu

Mpata wa m'khosiwo uli ndi mpweya wakunja, ndipo okosijeni ndi mdani wa mowa: fungo la hops (maluwa opatsa mowa fungo ndi kuwawa) limatha m'masabata ochepa, mowa n'kumamveka ngati katoni yonyowa. Gogodani botolo m'mbali ndi supuni, kapena dontheserani mowa pang'ono kuchokera pakapaipi, kuti kathovu kakwere mpaka pakamwa. Kakangofika, ikani chitsekerero n'kumanga pomwepo. Kathovu kameneka ndi kokhako kamene timakafuna, chifukwa kamakankhira mpweya uja kunja. Ntchitoyi imayenda bwino anthu akakhala awiri, wina kuthira wina kutseka, ndipo mabotolo muzitulutsa mu furiji atatuatatu kuti asafunde podikira.

Zikavuta

Botolo lililonse likamadzaza thovu, yambani mwayang'ana m'paipi. Mukaona timathovu tikuyenda m'menemo, ndiye kuti presha yatsika kwambiri moti gasi akutuluka m'mowa usanafike m'botolo, kapena paipiyo yafunda. Kwezani ndi 1 kapena 2 psi, ndipo paipiyo muipinde ikhale mu furiji kapena m'ndowa ya madzi oundana. Ngati m'paipi muli bwino koma thovu likuyambira m'botolo, vuto ndi botolo lofunda, louma kapena losatsuka bwino. Paipi yaifupi, ya mita imodzi, imathamangitsa mowa kwambiri, ndipo mankhwala ake ndi kuika yaitali basi.

Mukapeza mowa watha gasi patapita masiku pomwe pothira panalibe thovu, kayikirani chitsekerero. Yesani kuchipotokola ndi zala: chikazungulira, sichinagwire. Yang'ananinso milomo ya botolo ngati ili yobenthuka.

Amene ali ndi counter-pressure filler amachita zomwezi, kungoti chipangizocho chimayamba chadzaza botolo ndi CO2 pa presha yofanana ndi ya kegi. Pamenepo presha simutsitsa, ndipo mowa umakhalitsa chifukwa okosijeni amakhala atachotsedwa. Ngati mowawo ndi womwa mawa kapena mkuja, botolo lapulasitiki la zakumwa za gasi limakwanira: dzazani, lifinyeni mpaka mowa ufike pakamwa, mangani carbonation cap (chitsekerero chokhala ndi polumikizira paipi ya gasi), n'kulipopa gasi mpaka liume gwa.

Mukamaliza, bwezerani regulator pa 12 psi ngati mu kegi mwatsala mowa. Mabotolo asungeni choimirira, pozizira ndi pamdima. Tsekulani limodzi mawa lake muone ngati gasi alimo musanagawire ena, ndipo mowa wothira ndi njira ya labalayi muumalize pasanathe mwezi umodzi kapena iwiri.