Momwe mungatsatire sizoni ya United Rugby Championship kuyambira Seputembala mpaka fainolo ya mu Juni

United Rugby Championship, imene ambiri amangoitchula kuti URC, ndi ligi ya matimu 16 a rugby, ndipo kwa ife a m'chigawo chino cha Africa ndiyo ligi ya makalabu imene tingathe kuitsatira mosavuta chifukwa anayi mwa matimuwo ndi a ku South Africa. Bulls imasewerera pa Loftus Versfeld ku Pretoria, Lions pa Ellis Park ku Johannesburg, Sharks pa Kings Park ku Durban, ndipo Stormers pa bwalo la ku Cape Town limene linamangidwa pokonzekera World Cup ya mpira wa miyendo ya 2010. Ku Ireland kuli Leinster, Munster, Ulster ndi Connacht, ku Wales kuli Cardiff, Ospreys, Scarlets ndi Dragons, ku Scotland kuli Glasgow Warriors ndi Edinburgh, pomwe Italy ili ndi Benetton ndi Zebre. Ligiyi inayamba mu 2001 pa dzina la Celtic League, matimu a ku Italy analowa mu 2010, ndipo matimu anayi a ku South Africa amenewa analowa mu 2021. Munthu amene amangoyatsa kanema tsiku la fainolo amaona masewero abwino ndithu, koma samvetsa chifukwa chimene fainoloyo ikuchitikira mu mzinda umenewo, pakuti nkhaniyo imakhala itagamulidwa kale ndi mapointi a miyezi ya mmbuyo.

Choyamba sankhani timu imodzi, ndipo mulembe m'kope kapena m'foni masewero ake onse 18. Matimu anagawidwa m'magulu anayi a matimu anayianayi: la Ireland, la Wales, la South Africa, ndi lophatikiza Scotland ndi Italy. Timu iliyonse imakumana kawiri ndi anzake atatu a m'gulu lake, pakwawo ndi koyenda, kenaka imakumana kamodzi kokha ndi matimu 12 otsalawo. Izi zikutanthauza kuti ngati Leinster yabwera ku Pretoria chaka chino, mungadikire sizoni yotsatira yonse osaionanso kumeneko pokhapokha matimuwa atakumana m'ndime ya chipulula. Pamene mukulemba, ikani chizindikiro pa masabata amene timu yanu ili pa ulendo wa ku Ulaya, chifukwa matimu a ku South Africa amapita kukasewera masewero angapo motsatizana asanabwerere, ndipo matimu a ku Ulaya nawo amabwera kudzasewera awiri pa ulendo umodzi. Maganizo anga ndi akuti masabata a maulendowa ndi amene amasonyeza timu yeniyeni. Kupambana pakhomo pamaso pa ochemerera ako n'kosadabwitsa, koma kukatenga mapointi ku Glasgow kapena ku Cardiff usiku wa mvula ndi chisanu, pa kapinga wochita kupanga amene mabwalo awiriwo ali naye, kumafuna osewera okhwima.

Chachiwiri, phunzirani kuwerenga m'ndandanda wa ligi, chifukwa sufanana ndi wa mpira wa miyendo. Timu yopambana imatenga mapointi 4, ndipo zikafanana mphamvu iliyonse imatenga 2. Pamwamba pa amenewo pali mapointi a bonasi awiri: imodzi imaperekedwa kwa timu imene yagoletsa ma try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa timu inayo) anayi kapena kuposa, kaya yapambana kaya yagonja, ndipo ina imaperekedwa kwa timu imene yagonja ndi kusiyana kosapitirira 7. Choncho timu ikhoza kugonja koma n'kubwerako ndi mapointi 2, ndipo n'chifukwa chake mumaona osewera akulimbirabe mtima m'mphindi ya 79 mwa mphindi 80 za masewero pamene aliyense akudziwa kuti masewero awatayika. Musazimitse kanema pa nthawi imeneyo. Mu sizoni ya 2023/24, Lions inamaliza pa nambala 9 ili ndi mapointi ofanana ndi Ospreys imene inali pa nambala 8, ndipo Ospreys ndi imene inadutsa chifukwa inapambana masewero ambiri. Pointi imodzi yokha ya bonasi, yotayidwa mwina mu Okutobala anthu asanayambe n'kuwerengera komwe, ikanasintha sizoni yonse ya timu ya ku Johannesburg imeneyi.

Za kuonera pa kanema sizifuna mawu ambiri. Masewero a URC amaonetsedwa ndi SuperSport pa DStv, koma musanalipire funsitsani ngati phukusi limene mukutengalo lili ndi tchanelo cha rugby, chifukwa maphukusi otsika mtengo amene ambiri timalipirira mpira wa miyendo kawirikawiri sakhala nacho. Mtengo wa phukusi lapamwamba ndi wolemetsa kwa banja limodzi, ndipo njira imene ndaona ikuyenda bwino ndi yosonkherana anthu atatu kapena anayi n'kumaonera pa nyumba imodzi, kapena kugwirizana ndi mwini malo oonetsera mpira kuti Loweruka masana akupatseni kanema mmodzi. Pali anyamata amene amagulitsa timabokosi ndi manambala achinsinsi olowera pa intaneti, akumalonjeza matchanelo onse a dziko lapansi pa mtengo wa thumba la makala. Zimenezo n'zosaloledwa, zimadya bandulo kwambiri, ndipo chithunzi chimaima pa nthawi imene anthu ambiri alowa, imene ilinso nthawi ya masewero ofunika. Ogulitsawo akasowa palibe kumene mungakadandaule.

Kenaka konzani nkhani ya nthawi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi chaka chonse, choncho masewero a ku Durban kapena ku Pretoria savuta. Ku Ulaya amasintha mawotchi Lamulungu lomaliza la Okutobala ndi Lamulungu lomaliza la Marichi. Pakati pa masiku awiriwo, Ireland, Wales ndi Scotland amakhala maola awiri kumbuyo kwathu, ndipo Italy ola limodzi. Kunja kwa nyengo imeneyo kusiyana ndi ola limodzi kwa mayiko atatu aja, pomwe Italy imafanana nafe. Masewero ambiri a Lachisanu amayamba 7:35 madzulo nthawi ya kumeneko, imene mu Januwale ndi 9:35 usiku kwathu kuno, ndipo amatha pafupifupi 11:30. Ngati kope lanu munalemba mu Seputembala, libwerezeni kumapeto kwa Okutobala.

Tsopano ndifike pa nkhani yokaonera masewero pa bwalo, imene ikukhudza makamaka abale athu okhala ku Gauteng, ku Durban ndi ku Cape Town, komanso amene amapita kumeneko pa geni. Masewero wamba a ligi matikiti ake sakhala odula kwambiri, ndipo nthawi zambiri mipando imakhalapo mpaka tsiku lomwelo. Zinthu zimasintha pa masewero a matimu a ku South Africa okhaokha, makamaka a kumapeto kwa Disembala, komanso m'ndime ya chipulula, pamene matikiti amatha m'masiku ochepa ndipo mtengo umakwera. Apa m'pamene pamatulukira ogulitsa achinyengo, ndipo ine anandipeza pa masewero ena akuluakulu ku Gauteng. Matikiti atatha pa tsamba la timu, ndinapatsidwa nambala ya munthu wina wa pa gulu la WhatsApp amene ankati anagula ambiri koma anzake alephera kubwera. Ananditumizira chithunzi cha tikiti chooneka bwino lomwe, chokhala ndi dzina la masewero, nambala ya geti, mzere, mpando ndi kachizindikiro kaja ka madontho akuda kamene makina amawerenga, ndipo mtengo wake unangoposa pang'ono wa pa tsamba, zimene zinachititsa kuti nkhaniyo imveke yoona. Pa geti, mlonda anaika makina ake pa foni yanga ndipo m'malo mwa kuwala kobiriwira kunatuluka kofiira. Anayesanso atandiuza kuti ndiwonjezere kuwala kwa foni, kenaka anandionetsa pa makinawo kuti tikiti imeneyo inali italowa kale pa geti lomwelo mphindi zambiri mmbuyomo. Ndinaima pambali, anthu akudutsa ndi mbendera zawo, utsi wa nyama yootcha ukuchokera m'magalimoto oimikidwa kunja, ndikuimba nambala imene inali itazimitsidwa kale.

Chinyengochi chimayenda motere: munthu amagula tikiti imodzi yeniyeni, amaijambula chithunzi, n'kugulitsa chithunzi chomwecho kwa anthu ambiri. Makina a pa geti amalola kachizindikiro kalikonse kamodzi kokha, choncho woyamba kufika ndiye amalowa, ndipo ena onse amabwezedwa ngakhale chithunzi chawo chili cha tikiti yoona. Mlonda alibe mphamvu yokuthandizani, ndipo kukangana naye n'kungochedwetsa anthu a kumbuyo kwanu. Ofesi ya matikiti nayonso imazindikira amene anagula pa dzina lake, osati amene ali ndi chithunzi. Chifukwa cha zimenezi, gulani pa tsamba la timu imene ikusewerera pakwawo kapena kwa kampani imene tsambalo lakulozerani, ndipo lowani pa tsambalo polemba nokha dzina lake, osadina ulalo umene wina wakutumizirani, popeza palinso masamba abodza ofanana ndi enieni. Tsegulani akaunti yanu sizoni isanafike pa moto, mulembetse kuti azikutumizirani uthenga wa tsiku limene matikiti ayambe kugulitsidwa, chifukwa pa semifainolo kapena fainolo pamakhala masiku ochepa okha kuchokera pamene bwalo ladziwika. Ngati mukugula kwa munthu, akhale munthu amene mukumudziwa ndi kwawo komwe, ndipo akusamutsireni tikitiyo kulowa mu akaunti yanu ngati njira imeneyo ilipo. Ikapanda kukhalapo, mulowe naye limodzi pa geti ndipo ndalama mumpatse mutadutsa. Wogulitsa woona sakana zimenezi, koma amene akukufulumizitsani kuti mutumize ndalama chifukwa pali wina akuifuna, musiyeni agulitse kwa winayo. Tikiti yanu yeniyeni musaiike pa Facebook kapena pa status musanalowe, chifukwa kachizindikiro kaja wina akhoza kukajambula n'kukulowerani.

Kayendedwe kake n'kosavuta. Wopita ku Loftus angakwere Gautrain n'kutsikira pa Hatfield, pamene pali mtunda woyenda pansi, koma ayambe waona nthawi ya sitima yomaliza chifukwa siziyenda usiku wonse. Ellis Park ili ku Doornfontein, ndipo kumeneko ndi bwino kupita pagulu, kuimika galimoto pa malo ovomerezeka ndi kusunga foni m'thumba mukatuluka. Mukakhala pa mabwalo awiri amenewa, yang'anitsitsani mphindi 20 zomaliza. Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pa nyanja ya mchere, Pretoria ili mmunsi pang'ono, ndipo mpweya wopepuka wa kumeneko umatopetsa alendo komanso umapititsa mpira patali ukamenyedwa.

Pakati pa sizoni musadabwe ligi ikaima. Mu Novembala imapumira masewero a mayiko, mu Disembala ndi Januwale masabata ena amapita ku Champions Cup ndi Challenge Cup, zikho zimene matimuwa amalimbirana ndi makalabu a ku England ndi France, ndipo mu Febuluwale ndi Marichi Six Nations, mpikisano wa mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya, imatenga akatswiri a matimu a ku Ulaya. Kumayambiriro kwa sizoni ndi matimu a ku South Africa amene amasowa osewera awo a Springboks, timu ya dziko la South Africa, chifukwa cha masewero a mayiko. Muziona mayina a osewera amene alengezedwa musanaweruze zotsatira, pakuti timu ya dzina lomwelo ikhoza kukhala ya anyamata ena kotheratu.

Masewero 18 akatha, matimu asanu ndi atatu apamwamba amalowa makotafainolo, woyamba kukumana ndi wachisanu ndi chitatu, wachiwiri ndi wachisanu ndi chiwiri, motero, ndipo pa masewero aliwonse mpaka fainolo, timu imene inamaliza pamwamba pa inzakeyo ndiyo imasewerera pakwawo. Bwalo la kwanu limathandiza koma silipereka chikho. Stormers inagonjetsa Bulls 18-13 ku Cape Town mu 2022, koma chaka chotsatira Munster, imene inamaliza pa nambala 5, inapambana masewero onse atatu koyenda n'kukatenga chikho ku Cape Town komweko ndi 19-14. Mu 2024 Glasgow ya mphunzitsi Franco Smith inali kumbuyo 13-0 pa Loftus koma inapambana 21-16, ndipo mu 2025 Leinster inaswa Bulls 32-7 pa Croke Park ku Dublin. M'ndime imeneyi kulibe kufanana mphamvu, choncho siyani nthawi yokwanira: kotafainolo ya Sharks ndi Munster ku Durban mu 2025 inatha 24-24, nthawi yowonjezera sinasinthe kanthu, ndipo Sharks inadutsa pa mpikisano womenyera mpira pa mapolo. Malo asanu ndi atatu apamwamba ndi amenenso amapereka mwayi wa Champions Cup ya sizoni yotsatira, kupatula pamene timu ya mmunsi yatenga Challenge Cup monga inachitira Sharks mu 2024. Masiku a sizoni yatsopano amalengezedwa miyezi ingapo isanayambe, ndipo tsiku limenelo ndi loyenera kutsegula tsamba latsopano m'kope lija.